Zala za makanika kuseri kwa tayala

Makanika wodziwa ntchito akagwada pa tayala lakutsogolo la pikapu, sathamangira sipanala. Amauza mnyamata wake kuti akhotetse chiwongolero mpaka mapeto, iye n'kulowetsa dzanja kuseri kwa tayalalo. Kumeneko kuli kapaipi kakuda ka labala, kokula ngati chala, kosakwana ndi theka la mita komwe. Amakapukuta ndi chiguduli, kenaka n'kumakapinda pang'onopang'ono kuyambira kumtunda mpaka kumunsi. Ming'alu yosaoneka kapaipi kali chiwongokere imayasama akangokapinda. Ndakhala ndikuonerera amakanika a m'mbali mwa msewu wa M12, ku Mpingu, ku Msundwe ndi ku Namitete, ndipo pa ntchito zawo zonse imeneyi ndiyo imandigwira mtima.

Dalaivala akaponda buleki, mafuta amathamanga m'mapaipi achitsulo. Koma chitsulo sichingakafike pa tayala lakutsogolo, poti ilo limakhota komanso limanjanja m'mabampu. N'chifukwa chake chigawo chomalizacho ndi cha labala wolukidwa ndi ulusi mkati. Mabuleki akutsogolo ndiwo amagwira kwambiri galimoto ikamaima, ndiye taganizani za Hilux yochokera ku Kabudula kapena ku Nsaru, mabelo a fodya atasanjikizana pa ulendo wa ku okushoni ya ku Kanengo. Taganizaninso za matola a tsiku la msika ku Nambuma, amayi ndi ana atakhala pamwamba pa matumba a soya. Onsewo akudalira timapaipi tiwiri timene fumbi ndi kutentha kwa chilimwe zimatiumitsa, ndipo matope a dzinja amatimata n'kubisa zilonda zake.

Akamaliza ndi zala, makanika amafuula kuti, "Iwe, ponda!" Mnyamata akaponda, maso a mkuluyo amakhala pa labala. Pakatuluka chotupa, kapaipiko katha. Amayang'ananso chinyontho pamene labala wakumana ndi chitsulo, ndi posalala pamene tayala lakhala likukhula. Koma matenda oipitsitsa ndi amkati. Kapaipi kamatha kuoneka kabwinobwino kunja pamene mkati kafovoka, moti mafuta amapita ku tayala koma osabwerera. Buleki imakanirira, galimoto imakokera mbali imodzi, tayala limatentha mpaka kununkha. Wosadziwa amagulitsa mwini galimoto mapadi atsopano, vuto n'kukhala lili pomwepo. Wodziwa amakweza galimoto pa jeke, amamasula kanipo kotulutsira mpweya, ndipo tayala likayamba kuzungulira momasuka amadziwa kuti mafuta atsekeredwa, woyamba kumukayikira ndi kapaipi kaja.

Kusintha kwenikweniko sikutenga tsiku. Amamasula nati, kawirikawiri ndi sipanala ya nambala 10, mosamala kuti dzimbiri lisaphotokoze paipi yachitsulo. Amasolola kachitsulo kopanira, amaika kapaipi katsopano ndi mawashala atsopano a kopa, n'kuonetsetsa kuti sikanapotoke ndipo sikakhudza tayala akakhotetsa uku ndi uku. Amasintha mbali zonse ziwiri, poti zinakalambira limodzi. Kenaka amathira mafuta a DOT 3 kapena DOT 4, osati oyilo wa injini amene amatupitsa labala, n'kuyamba kutulutsa mpweya. "Popa! Popa! Gwira!" Mnyamata amayankha ali pa mpando wa dalaivala, "Ndagwira, madala!" Amabwereza mpaka thovu litatha ndipo buleki yalimba.

Chovuta ndi ndalama. Timapaipi timeneti timachokera kunja, ndipo kuyambira pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa masipeya unakwera koopsa. Pa misika ya kumudzi sitipezeka nthawi zonse, ndiye munthu ayenera kukwera basi kukasaka ku Malangalanga kapena ku Biwi mumzinda wa Lilongwe, galimoto ili pa jeke, tsiku la ntchito likupita. Mawu a eni galimoto ndi amodzimodzi pa galaja iliyonse. "Amisiri, tangomangani kaye ndi malegeni, ndikakatula fodya ndibwera." Ena amati, "Bambo, mulibe kakale kochotsa pa galimoto yakufa?" Enanso amapempha kuti mbali yodonthayo aitseke ndi msomali, ayende ndi matayala atatu ogwira buleki. Alipo ndi amene amathira madzi a sopo waufa mafuta akatha, osadziwa kuti madziwo amawira mabuleki akatentha ndipo amadyetsa zitsulo ndi dzimbiri.

Amakanika nawo ali ndi dandaulo lawo. "Ndikakana, apita kwa mnzanga wa pansi pa mtengo uja, ine ndigona ndi njala." Wina amati, "Ukamuuza kuti paipi yatha, amaganiza kuti ukufuna kumudyera." Ndimawamvetsa anthu amenewa, ndipo ndimamumvetsanso mwini pikapu amene ali ndi ngongole ya feteleza ndi fizi ya ana. Komabe mtima wanga sukhala m'malo ndikaona galimoto yomangidwa malegeni ikunyamuka ndi anthu. Malegeni sangapirire mphamvu ya mafuta a mabuleki. Chakudza sichiimba ng'oma: kapaipi kamaphulika pa nthawi imene dalaivala waponda ndi mphamvu zake zonse, mwana kapena wakabaza atamudutsira kutsogolo. Odwala ogonekedwa pa chipatala cha St Gabriel ku Namitete atachita ngozi ya matola sanafunsidwe maganizo pa mgwirizano wa pa galaja uja.

Ku Namitete kuli sukulu ya ntchito zamanja ya Namitete Technical College, ndipo bungwe la TEVETA lakhala likuyang'anira maphunziro a luso kuyambira mu 1999. Koma amakanika ambiri a m'misikayi anaphunzirira pansi pa galimoto, kuyamba ndi kutsuka manati m'petulo mpaka kudzapatsidwa sipanala. Luso lopima kapaipi ndi zala limachoka kwa mkulu kupita kwa mnyamata, ndipo limafa msanga ngati silibweretsa chakudya. Pamenepa ndi pamene pagona nkhani. Makanika amalipidwa akamasula ndi kumanga, koma akayang'ana n'kuchenjeza amangolandira zikomo, mwinanso kunyozedwa. Mnyamata amene akuona zimenezi amaphunzira kuti kuyang'ana n'kutaya nthawi.

Chiphaso cha COF, chotsimikizira kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu, chimatengedwa patapita miyezi, pamene makanika wa pa msika amaiona galimotoyo pafupifupi sabata iliyonse. Eni mapikapu, msika wa fodya usanatsegulidwe ndiponso mvula ikangosiya, pititsani galimoto akaione kuseri kwa matayala, ndipo mulipireni mmisiriyo ngakhale atapeza kuti zonse zili bwino. Akakuuzani kuti kapaipi katha, imikani galimotoyo mpaka mutagula katsopano.