Loko Wolimba pa Nkhokwe za Alimi: Mmene Amapangidwira, Mmene Amayesedwera ndi Mmene Tingamusankhire

Mau oyamba

Pa ntchito yathu ya ulangizi takhala tikutsindika za kuteteza zokolola kwa anankafumbwe, makoswe ndi chinyontho. Koma alimi akayamba kusunga katundu pamodzi m'makalabu, m'makopaletivi ndi m'nkhokwe za m'mudzi, pamabwera mdani wina amene ndi wakuba. Nyumba imodzi imatha kusunga mbeu, feteleza, mankhwala ndi chimanga cha mabanja ambiri, ndipo zonsezi zimadalira kachitsulo kamodzi kolendewera pachitseko. Katunduyo akabedwa, si matumba okha amene amatayika. Ngongole imatsala, mamembala amayamba kukayikirana, ndipo nthawi zina gulu limathera pomwepo.

Kabuku kano kakufotokoza mfundo imodzi yofunika: kulimba kwa loko sikudziwika ndi kuwala kwake kapena kulemera kwake. Kumachokera ku zitsulo zimene anapangira, luso la kapangidwe ndi mayeso amene lokoyo anapambana asanatuluke m'fakitale. Mlangizi akadziwa zimenezi angathe kuthandiza makomiti kugula mwanzeru.

Mmene loko amagwirira ntchito

Maloko ambiri amene timagula m'masitolo amatsata njira imene Linus Yale Jr. wa ku America analembetsa m'zaka za 1861 ndi 1865. M'kati mwa loko muli kachitsulo kozungulira kamene kiyi amalowamo. Pamwamba pake pali timabowo tokhala ndi timapini tosiyana kutalika, ndipo timasipuling'i timakankhira timapinito pansi. Kiyi woyenera akalowa, mano ake amakweza timapini tonse kufika pa mzere umodzi, kachitsuloko kamatembenuka, ndipo chokolera, chomwe ndi chitsulo chopindika chija, chimamasuka.

Timapini tikakhala tochepa, mitundu ya makiyi imene ingapangidwe imachepanso. Ichi ndicho chifukwa chake kiyi wa loko wotsika mtengo nthawi zina amatsekula loko wa munthu wina. Palinso mtundu wina umene Emil Henriksson wa ku Finland anatulukira mu 1907, womwe unadzadziwika ndi dzina loti Abloy. M'malo mwa timapini tokankhidwa ndi timasipuling'i, mtunduwu uli ndi timbale tozungulira, motero umapirira bwino fumbi ndi nyengo yoipa, ngakhale kuti mtengo wake ndi wokwera.

Palibe loko wosatsekulika

Joseph Bramah wa ku England analembetsa loko wake mu 1784. Kwa zaka zambiri loko wina wa mtunduwu anaikidwa pa zenera la sitolo yake ku London, pamodzi ndi lonjezo la mphotho kwa aliyense amene angamutsekule popanda kiyi. Mu 1851 Alfred Charles Hobbs wa ku America anamutsekula, koma zinamutengera maola 51 pa masiku 16. Phunziro lake ndi loti ntchito ya loko ndi kuchedwetsa wakuba ndi kumukakamiza kuchita phokoso. Loko wothyoka ndi nyundo kamodzi sapatsa mlonda kapena anansi mpata wodzuka.

Zitsulo zopangira loko

Thupi la loko limapangidwa ndi zitsulo zosiyanasiyana. Mkuwa wachikasu, womwe ndi mkuwa wosakaniza ndi zinki, suchita dzimbiri lofiira ndipo umasemeka bwino pa makina, koma ndi wofewa, choncho umabooleka msanga. Zinki wosungunula ndi kuthira m'chikombole ndi wotsika mtengo koma amasweka akamenyedwa. Maloko ena a zinki amapakidwa mtundu wachikasu kuti azioneka ngati a mkuwa. Pamenepa ndi pamene akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Chitsulo chothiridwa m'chikombole chimalemera koma nachonso ndi chosachedwa kusweka. Pali maloko a timapepala ta chitsulo tosanjikiza ndi kukhomerera pamodzi, njira imene Harry Soref, amene anayambitsa kampani ya Master Lock, analembetsa mu 1924. Olimba koposa ndi osemedwa kuchokera ku chitsulo chimodzi cholimbitsidwa.

Chokolera ndicho chimene akuba amayamba kulimbana nacho. Ku fakitale yabwino amachitenthetsa kwambiri pamalo okhala ndi kaboni, kenaka n'kuchiziziritsa mwadzidzidzi. Khungu lake limauma kotero kuti sowo imaterereka, pamene m'kati mumakhala mofewerapo kuti chisathyoke ngati galasi. Ntchitoyi ikaperewera chokolera chimadulika mosavuta, ndipo ikapyola muyezo chimasweka ndi nyundo. Zokolera zina amasakanizamo boron kuti zilimbe koposa.

Kutsimikiza ubwino ku fakitale

Fakitale yosamala siyembekezera kuti loko athe kupangidwa ndiye iyambe kumuyesa. Imayesa zitsulo zikamafika, imayesa kukula kwa timapini ndi timabowo pamene makina akusema, imayesa kuuma kwa zokolera zikatuluka m'ng'anjo, ndipo pa gulu lililonse la maloko imatengapo ena n'kuwayesa mpaka aonongeke. Gulu lililonse limalembedwa kuti vuto likapezeka adziwe kumene linayambira. Dongosolo lotere ndilo limayendetsedwa ndi muyezo wa ISO 9001, umene unatuluka koyamba mu 1987. Dziwani kuti chizindikiro chimenechi chimachitira umboni kayendetsedwe ka fakitale, osati mphamvu ya loko amene ali m'manja mwanu.

Mphamvu ya loko imadziwika ndi miyezo ina. Ku Ulaya maloko olendewera amayesedwa potsata EN 12320, umene umawaika m'magiredi kuyambira 1 mpaka 6. Pa mayesowa chokolera chimakokedwa, kupotokoledwa ndi kudulidwa, ndipo m'magiredi apamwamba loko amamenyedwanso, kuchekedwa ndi kubooledwa. Loko wa giredi 1 ayenera kupirira kukoka kofanana ndi makilogalamu pafupifupi 300, kapena kuti matumba 6 a makilogalamu 50. Wa giredi 6 ayenera kupirira pafupifupi matani 10, omwe ndi matumba 200.

Kukhalitsa nako kumayesedwa. Pa muyezo wa EN 1303, wokhudza mbali yolowamo kiyi ya maloko a m'zitseko, makina amalowetsa kiyi, kumutembenuza ndi kumutulutsa maulendo 25,000 pa giredi 4, maulendo 50,000 pa giredi 5 ndi maulendo 100,000 pa giredi 6. Za dzimbiri, muyezo wa EN 1670 umati chitsulo chiikidwe m'bokosi lodzaza nkhungu ya madzi amchere pa kutentha kwa madigiri 35. Giredi 1 imapirira maola 24, giredi 2 maola 48, giredi 3 maola 96, giredi 4 maola 240 ndipo giredi 5 maola 480. Maola amenewa sanena zaka zimene loko adzakhale. Ntchito yake ndi kusiyanitsa loko wina ndi mnzake.

Adani a loko pa malo a ulimi

Malo osungira katundu wa ulimi ali ndi mavuto amene sapezeka m'nyumba zogonamo. Feteleza amakoka chinyontho, ndipo fumbi lake likakhala pa chitsulo dzimbiri limafulumira. Mpweya wa amoniya, wochokera ku mkodzo wa ziweto ndi ku feteleza wina, umang'amba mkuwa wachikasu pang'onopang'ono. Vutoli linadziwika kalekale ku India, kumene zikopa za mkuwa za zipolopolo za asilikali a ku Britain zinkang'aluka zikasungidwa m'makola a akavalo m'nyengo ya mvula. Choncho pa khola ndi pa nyumba ya feteleza, loko wa chitsulo chosachita dzimbiri kapena wokutidwa bwino ndiye woyenera.

Mpweya wa phosphine, wotuluka m'mapiritsi ofukizira mbeu, umadya mkuwa ndi zitsulo zonse zosakaniza ndi mkuwa. Popeza timapini tambiri ndi ta mkuwa, maloko asasiyidwe m'kati mwa malo ofukizidwa. M'madera a m'mbali mwa nyanja yamchere, monga ku Beira ndi ku Nacala, mphepo imanyamula mchere, ndipo kumeneko giredi ya dzimbiri ikhale yokwera. M'madera ouma vuto lalikulu ndi fumbi lolowa pa bowo la kiyi.

Malangizo kwa alangizi

1. Yambani ndi kuwerengera mtengo wa katundu wosungidwayo pamodzi ndi komiti. Ndalama za loko zifanane ndi zimene akuteteza.

2. Onani ngati pa paketi palembedwa dzina la wopanga, muyezo ndi giredi. Liu loti "hardened" lodindidwa pa chokolera aliyense angathe kulidinda. Ngati mukukayika, gulani mmodzi ndi kupala chokolera ndi tupa: pa chitsulo cholimbitsidwa tupa amaterereka, pa chofewa amadya.

3. Sankhani loko wa chokolera chonenepa ndi chachifupi, kapena chobisika m'mapewa a thupi lake, kuti chodulira chisapeze pogwira. Chokolera chizigwidwa mbali zonse ziwiri.

4. Yesani kiyi kangapo m'sitolo momwemo. Azilowa ndi kutembenuka mosavuta koma mosagwedera. Yesaninso ngati satsekula loko wina wa mtundu womwewo.

5. Yang'anani chitseko, felemu, mahinji ndi zitsulo zokolekapo loko. Zimenezi zimangidwe ndi mabawuti opyola thabwa, manati ali m'kati, osati misomali imene imazuka ndi mgwala. Loko wa giredi 6 pa chitseko chofumbwa ndi kutaya ndalama. Mazenera ndi denga zionedwenso.

6. Tetezani loko ku mvula pomuphimba ndi kachidutswa ka lata kapena ka chubu cha tayala, ndipo bowo la kiyi liziyang'ana pansi.

7. Musathire mafuta ophikira, oyilo wakuda kapena girisi pa bowo la kiyi, chifukwa zimagwira fumbi ndi kumata timapini. Ufa wa graphite, umene umapezekanso mu mtima wa pensulo, ndiwo woyenera kumalo a fumbi.

8. Makiyi alembedwe m'buku la gulu. Njira ya mabanki a m'khonde, kumene bokosi limakhala ndi maloko atatu ndipo makiyi amasungidwa ndi anthu atatu osiyana, ingathandizenso pa nkhokwe. Kiyi akatayika, loko asinthidwe tsiku lomwelo.

9. Loko ayenderedwe mvula isanayambe ndiponso zokolola zisanalowe. Wochita dzimbiri, wogwedera kapena wovuta kutsekula achotsedwe.

Mau omaliza

M'maiko athu muli mabungwe oona za miyezo ya katundu, monga South African Bureau of Standards limene linakhazikitsidwa mu 1945 ndi Malawi Bureau of Standards la mu 1972. Magulu ogula katundu wambiri angathe kufunsa uphungu kumeneko. Koma ntchito yaikulu ili m'manja mwanu inu alangizi. Pamene mukuphunzitsa za kuumitsa chimanga ndi kuthira mankhwala oteteza ku anankafumbwe, onjezani phunziro la chitseko ndi loko. Alimi amene alimbika chaka chonse ayenera kupeza matumba awo ali momwe anawasiyira.