Mwera wa ku Cape ndi Asodzi a M'gombe

Kwa abale athu amene akhala ku Cape Town pa ntchito, ndipo tsiku lopumula amanyamula mbedza kunka ku gombe, tifuna kunena za nyengo ino. Kuyambira mwezi wa September, pamene kwathu chilimwe chiyamba kuwawa, kuno kudzuka mphepo ya kum'mwera chakum'mawa, imene eni dziko aitcha Cape Doctor. Ife a ku nyanja tingaitche mwera, pakuti ichokera mbali yomweyo, ndipo iwomba masiku angapo osaleka.

Mphepoyi sichita chimodzimodzi mbali ziwiri za phiri. Ku Sea Point ndi ku Hout Bay ikankhira madzi a pamwamba kutali ndi mtunda, ndipo m'malo mwake mukwera madzi a pansi, ozizira ngati a matalala; pamenepo nsomba zichita ulesi kudya nyambo. Koma ku False Bay ikankhira madzi ofundawo ku gombe la Muizenberg ndi Strandfontein. Madzi akasanduka ofiirira musawanyoze kuti ndi litsiro: ndi ndere zazing'ono, ndipo m'madzi otere ndi mmene kabeljou ayandikira mtunda. Asodzi a khoka, amene akoka pamchenga monga akokera anzathu ku Mangochi, ayembekeza nyengo yomweyi chifukwa cha nsomba za harder ndi yellowtail.

Tsono chimene chipha mlendo ndi ichi: nyanja ya kwathu siphwa kawiri pa tsiku, koma ya mchere itero. Madzi abwerera m'mbuyo maora 6, nadzalanso maora 6, ndipo tsiku lililonse nthawi yake ichedwerako pafupifupi mphindi 50. Mwezi ukakhala watsopano kapena wathunthu, aphwa kwambiri cha m'ma 9 kapena 10 koloko m'mawa, navumbulutsa matanthwe amene masiku ena saoneka. Munthu ayenda pouma, nafika pa thanthwe lakutali, naponya chingwe mokondwa. Akali kuyang'ana kutsogolo, madzi adzaza njira ya kumbuyo kwake, ndipo mwera, umene nthawi zambiri ukula dzuwa likapendeka, uutsa mafunde pamwamba pa madzi odzalawo. Kusambira kwa ku Nkhata Bay sikuthandiza munthu wogwidwa ndi chisanu pakati pa miyala yakuthwa.

Chifukwa chake tichenjeza: kuphwa kwa madzi ndi nthawi yokumba nyambo mumchenga, si nthawi yopita kutali. Ponyani madzi akayamba kudzala, muli pa malo amene mungathe kubwerera, ndipo musapite nokha.

Palinso lamulo. Chiyambire Marine Living Resources Act ya 1998, wowedza aliyense ayenera kukhala ndi chiphaso, ndipo chokumbira nyambo chili pachokha. Nsomba ya galjoen, imene ikonda madzi a thovu pamiyala, ndi yoletsedwa kuyambira pa 15 October kufikira kutha kwa February, ikakodwa, ibwezeni. Kwa mlendo amene mapepala ake ayang'anidwa kawiri, mlandu wa nsomba imodzi ukhoza kukula kuposa nsombayo.