Mlendo akayamika mtsogoleri watsopano, funsani chomwe waona

Mtsogoleri watsopano akangolumbira, m'dziko muno mumabuka funso limodzi lomwe silisowa: "Nanga azungu akuti bwanji?" Mudzalimva pa Katoto pomwe anthu amadikira minibasi, mudzalimva mu msika wa Taifa, mudzalimvanso kwa ophunzira a ku Mzuni omwe timawayesa owerenga kwambiri. Kazembe wa dziko lakutilakuti akamwetulira pa chithunzi ndi pulezidenti, ife mitima pansi, eti zinthu ziyenda. Nyuzipepala ya ku London ikalemba zonyoza, tonse nkhawa bii.

Makolo athu adatisiyira miyambi iwiri yomwe imakhala ngati ikukangana. Wina umati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Wina umati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Yonse iwiri ndi yoona, abale anga. Mlendo amatha kuona chinthu chomwe ife eni mudzi tikuopa kuchitchula, koma zinthu zikafika povuta iye ali ndi pasipoti ndi tikiti ya ndege. Tsono mawu ake tisamangowameza osatafuna. Tizifunsa kuti akuyeza chiyani, ndipo polankhulapo wataya chiyani.

Nkhani yomwe imaphunzitsa bwino zimenezi ndi ya 1964. Pa 6 Julaye chaka chimenecho mbendera ya Angerezi idatsika, ndipo Dr. Hastings Kamuzu Banda adakhala nduna yaikulu ya Malawi wodzilamulira yekha. Mwa nduna zake mudali mzungu mmodzi yekha, Colin Cameron, loya wa ku Scotland yemwe adafika kuno mu 1957. Bamboyu sadali mlendo wongodutsa ayi. Adaimirirako anthu a Kongeresi m'makhoti a atsamunda, ndipo adaona zomwe zidachitika kuyambira pa 3 Malichi 1959, pomwe boma la atsamunda lidatsekera anthu oposa 1,000 popanda kuwazenga mlandu, ena nkuwaombera pa doko la Nkhata Bay. Kamuzu mwini wake adakakhala m'ndende ya Gwelo chifukwa cha mphamvu zomwezo.

Patangotha milungu yowerengeka chilandirireni ufulu, Kamuzu adauza nduna zake kuti akufuna kubwezeretsa lamulo lotsekera munthu popanda kumuzenga mlandu. Cameron adakana, natula pansi udindo. Nduna zinzake, ngakhale sizidakondwe nazo, zidakhalabe pa mipando. Anthu wamba nawo adali akadali pa chimwemwe. Ndani akadamvera mzungu mmodzi wotaya ntchito pomwe dziko lonse likuvina?

Sipadapite nthawi. Kumapeto kwa Ogasiti nduna zija zidamuyang'ana Kamuzu m'maso nkumuuza madandaulo awo: tiki yomwe odwala amalipira ku chipatala, lipoti la Skinner lomwe lidakwiyitsa Amalawi ogwira ntchito m'boma, kuchedwa kopereka maudindo kwa eni dziko, ubale wake ndi Apwitikizi omwe amalamula Mozambique, kukana kwake boma la China la ku Beijing, komanso chizolowezi chake chotchula amuna akuluakulu kuti anyamata ake. Pa 7 Sepitembala adachotsa Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi mayi Rose Chibambo. Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani adatula pansi maudindo, ndipo Henry Masauko Chipembere, yemwe adali ku Canada, atangobwera adachita chimodzimodzi. Miyezi iwiri yokha ya ufulu, boma nkugawikana pakati. Lamulo lomwe Cameron adalikana lija lidakhazikitsidwa ndithu, ndipo oyamba kulawa ululu wake adali otsatira a nduna zomwezi.

Apa mlendo adabweradi ndi kalumo kakuthwa. Koma dikirani, pajatu alendo m'dziko muno adalipo ambiri, ndipo sadaone chinthu chimodzi. Sir Glyn Jones, yemwe amaimira Mfumukazi ya ku Mangalande, adayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizo, zitakanika adapitiriza kugwira ntchito ndi Kamuzu mpaka 1966. Akuluakulu a polisi ndi asilikali adali Angerezi, ndipo adamvera nduna yaikulu. Boma la Britain lidapitiriza kuthira ndalama mu bajeti yathu. Muyeso wawo udali bata. Padziko lapansi padali mpikisano wa maiko a azungu ndi maiko a chikomyunizimu, ndipo Kamuzu adali munthu wodana ndi chikomyunizimu. Kwa iwo, dziko lopanda phokoso lomwe silikuyang'ana ku Beijing lidali dziko loyenda bwino, kaya ku Dzeleka kwadzaza anthu kaya ayi.

Tsono taonani chomwe aliyense adalipira. Cameron adachoka chaka cha 1964 chisanathe nakapitiriza uloya kwawo. M'busa wa ku Scotland, Andrew Ross, yemwe amagwirizana ndi nduna zochotsedwazo, adachoka mu 1965 nakaphunzitsa pa yunivesite ya Edinburgh. Mnyamata wa ku Amereka, Paul Theroux, yemwe amaphunzitsa pa Soche Hill pansi pa Peace Corps, adathamangitsidwa mu 1965, napita ku Uganda, nadzakhala mlembi wotchuka. Anthuwa adalimba mtima ndipo tiyenera kuwapatsa ulemu wawo. Komatu Yatuta Chisiza wa ku Karonga adaphedwa ndi asilikali mu 1967 atalowa ndi mfuti cha ku Mwanza. Kanyama Chiume adakhala ku Tanzania zaka pafupifupi 30. Mayi Chibambo, omwe nkhope yawo idadzaikidwa pa K200, adathawira ku Zambia ndipo adabwerera mu 1994. Orton Chirwa, yemwe dzina lake lili pa msewu waukulu wa mu Mzuzu muno, adagwidwa ndi mkazi wake Vera mu Disembala 1981, nafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992. Mlendo adataya ntchito, mwini mudzi adataya moyo.

Ndipo m'zaka zonsezo alendo akuluakulu sadaleke kubwera. Mu 1985 Kamuzu adalandiridwa mwaulemu waukulu ku London. Mu 1989 mayi Margaret Thatcher adafika kuno, pomwe Orton ali ku Zomba, mlakatuli Jack Mapanje ali ku Mikuyu wopanda mlandu, ndipo chaka chomwecho aphunzitsi a kumpoto adalamulidwa kubwerera kwawo. Maiko otithandiza adadzaimika thandizo mu Meyi 1992, mpikisano wawo ndi Soviet Union utatha. Pofika nthawiyo maepisikopi a Katolika adali atatulutsa kale kalata yawo ya pa 8 Malichi, Chakufwa Chihana adali atamangidwa kale pa bwalo la ndege ku Lilongwe, ndipo Monsinyolo John Roche wa ku Ireland, yemwe amayendetsa dayosizi ya Mzuzu, adali atathamangitsidwa kale. Roche ndi wa mtundu wa Cameron: adalankhula ali pakati pathu ndipo adalipira. Maboma a kwawo adafika mochedwa ndi zaka 28.

Wina anena kuti izi ndi za makedzana, za nthawi ya chipani chimodzi. Chabwino, tiyeni tibwere ku matipate. Bingu wa Mutharika adapambana kachiwiri mu 2009 ndi mavoti ochuluka zedi, akuyamikidwa kunja konse chifukwa cha makuponi a feteleza. Mu Epulo 2011 kalata yachinsinsi ya kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, idaululika, momwe adalemba kuti Bingu wayamba nkhanza ndipo safuna kudzudzulidwa. Kazembeyo adathamangitsidwa, Britain nkuimika thandizo la bajeti. Kodi iye adanena chachilendo? Mavenda ndi oyendetsa minibasi omwe amagona pa mizere ya mafuta adali atazidziwa kale. Pa 20 Julaye chaka chomwecho anthu adatuluka m'misewu, ndipo pafupifupi 20 adaphedwa, Mzuzu nkutaya anthu ochuluka kuposa mzinda wina uliwonse. Manda awo ali pa Zolozolo. Kazembe uja adali atafika kale kwawo.

Bingu atamwalira, mayi Joyce Banda adalumbira pa 7 Epulo 2012, ndipo alendo adaomba m'manja mpaka manja kutupa. Mu Meyi kwacha idagwetsedwa kuchoka pa K168 kufika pa K250 pa dola imodzi, monga a IMF amafunira. Mafuta adayambadi kupezeka, zimenezo tisakane. Hillary Clinton adabwera mu Ogasiti, Christine Lagarde wa IMF adabwera mu Januwale 2013, mwezi womwewo anthu akuchita zionetsero za kukwera mitengo kwa zinthu. Amene amapikula katundu ku Kyela ndi ku Dar es Salaam akukumbuka bwino momwe mpamba wawo udasungunukira pa Songwe. Pofika Sepitembala 2013 nkhani ya Cashgate idaphulika, mabiliyoni atabedwa ku Capital Hill, ndipo omwe amaomba m'manja aja adatseka mpopi wa thandizo. Mankhwala atasowa m'zipatala, adavutika ndani?

Mu 2020 zidabwerezanso. Khoti litafafaniza chisankho cha 2019, Dr. Lazarus Chakwera adapambana mu Juni. Oweruza asanu aja adalandira mphoto ya Chatham House ku London, ndipo magazini ya The Economist idatcha Malawi dziko lopambana la chaka chimenecho. Ulemu umenewo udali woyenera, pakuti khoti ndi anthu omwe adayenda kuchokera pa Katoto miyezi yambirimbiri adachitadi chinthu chachikulu. Koma mphotoyo idali ya momwe mtsogoleri adalowera, sidali ya momwe adzalamulire, ndipo ambiri a ife tidasokoneza ziwirizi. Kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, nkugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 anthu adapereka chigamulo chawo, ndipo Peter Mutharika, yemwe adachotsedwa mu 2020, adalumbiranso pa 4 Okutobala. Chigamulo chimenecho sichidalembedwe ku London. Chidachokera pa mtengo wa thumba la chimanga ndi la feteleza.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti titseke makutu mlendo akamalankhula. Atsogoleri athu amakonda nyimbo imeneyo: mlendo akawayamika amati dziko lonse lapansi likutisirira, akawadzudzula amati asalowerere za m'nyumba mwathu. Kamuzu adaiimba, Bingu adaiimba, ndipo idzaimbidwanso. Munthu amene akuti osamvera alendo nthawi zambiri amakhala akutanthauza kuti osamvera wina aliyense kupatula iye.

Chomwe ndikunena n'chakuti alendo ali mitundumitundu. Pali mlendo wa ngongole, yemwe akufuna kudziwa ngati tibweza. Pali kazembe, yemwe adatumidwa kudzateteza zofuna za dziko lake, ndipo palibe cholakwa pamenepo bola ife tizidziwa. Pali mtolankhani wa masiku atatu, yemwe amafikira ku hotela ku Lilongwe, nkucheza ndi anthu asanu odziwa Chingerezi, basi nkhani yatha. Pali Mtaifa wa mu msika, yemwe ndale zathu amaziwerengera pa mtengo wa shilingi, ndipo kawirikawiri amadziwa msanga kuposa nduna kuti kwacha yadwala. Ndiye pali mlendo wa mtundu wa Cameron ndi Roche, wakhala nafe, wadya nafe nsima, ndipo polankhula akudziwa kuti ataya malo ake. Onsewa tikamawatcha "azungu akuti" kapena "akunja akuti" ngati munthu mmodzi, tidzasokera.

Chinanso, Cameron sadagwiritse ntchito ufiti. Chomwe adaona chidali poyera: mtsogoleri watsopano akufuna mphamvu zomwe iye mwini adazunzika nazo, ndipo sakufuna kutsutsidwa ndi anzake a m'nyumba momwemo. Chimenecho aliyense wa ife angathe kuchiona m'miyezi yoyamba ya boma lililonse. Kodi malamulo oyamba kupita ku nyumba ya malamulo akuonjezera mphamvu za yani? Kodi nduna kapena phungu wa chipani cholamula akafunsa funso lovuta akumuyankha kapena akumuchotsa? Kodi mkulu wa bungwe lolimbana ndi katangale akakhudza anthu a pafupi ndi mpando, akugona kunyumba kwake kapena ku polisi? Kodi malo m'misika ndi makontirakiti akupita kwa oyenera kapena kwa anyamata a chipani? Mayankho a mafunso amenewa safuna digiri, safunanso wailesi ya BBC.

Inu ophunzira a pa Katoto ndi a ku Luwinga, werengani zomwe alendo adalemba za dziko lathu, pakuti zambiri za 1964 zidasungidwa ndi iwo pomwe ife tidali otsekedwa pakamwa. Koma mukafika kumudzi ku Usisya, ku Ekwendeni kapena ku Karonga, funsaninso agogo omwe adaziona, nthawi isanawatenge. Inu a geni, muli ndi sikelo yomwe palibe kazembe ali nayo: mukudziwa mtengo womwe mudagulira belo mwezi watha ndi womwe mugulire mawa. Musachite nayo manyazi sikelo imeneyo chifukwa choti munthu wovala suti wanena pa wailesi kuti chuma chikuyenda bwino.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mu 1964 mlendo mmodzi adaloza chitsekocho mwezi woyamba womwewo, eni nyumba nkuzengereza, ndipo padatenga zaka 29 kuti tidzatsekule pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Mtsogoleri watsopano aliyense, kaya ndi wa chipani chanu kaya ndi wa kwanu, muyambe kumuyeza tsiku lomwe walumbira.