Nyanja ikauma gwaa, boti ligone kuti?

Mwezi wa October ukafika, m'madoko a mumzinda wa Stockholm ku Sweden mumakhala piringupiringu. Eni maboti ang'onoang'ono oyendera thanga amasonkhana kumathero a sabata n'kumavuula maboti awo ndi makina onyamulira katundu wolemera. Akawakhazika kumtunda amawafunditsa malona, basi mpaka April kapena May.

Chomwe amathawa ndi chisanu. Kuno June amatinjenjemeretsa ndithu, koma nyanja ya Malawi siuma. Kumeneko magombe a nyanja ya Baltic amaundana, mwakuti chakumpoto, ku Finland, zaka zina galimoto zinkayenda pamwamba pa nyanja kupita pachilumba cha Hailuoto.

Komabe alipo ena omwe amasiya maboti awo m'madzi dzinja lonse la kwawoko. Kuvuula boti ndi kulipira malo olisungira kumadya ndalama. Ena botilo ndiyo nyumba yawo. A maboti amatabwa nawo ali ndi chifukwa chomwe msodzi aliyense wa ku Nkhotakota angachimvetse: thabwa likakhalitsa kumtunda limauma n'kusiya mipata, ndipo pobwerera m'madzi boti limadontha.

Munthu angaganize kuti mdani wamkulu ndi ayezi wozinga botilo. Zoonadi, ayezi akamakankhidwa ndi mphepo sachita chibwana. Mu 1915 anaphwanya sitima ya Ernest Shackleton yotchedwa Endurance kufupi ndi Antarctica, ndipo inapezeka mu 2022 ili pansi pa nyanja, mamita 3,008 kuya kwake. Koma padoko lotetezeka ayezi sayendayenda kwenikweni, ndipo pali njira yomugonjetsera. Madzi opanda mchere amalemera kwambiri akakhala pa madigiri 4, choncho m'nyengo yozizira ofundirapo amakhala pansi. Eni maboti amamiza kampope kotulutsa thovu la mpweya, kapena kamakina kokhala ngati fani, kuti madzi apansiwo azikwera. Boti limakhala m'kadziwe kakekake pakati pa ayezi, bola magetsi asazime.

Chomwe chimamiza maboti ambiri otere chili m'kati momwemo. Madzi akaundana amafufuma ndi magawo 9 pa 100 aliwonse. Amene anaiwalapo botolo lagalasi lodzaza mufiriji akudziwa zotsatira zake. Tsono boti lili ndi mabowo angapo pansi pake, olowetsera madzi oziziritsa injini ndi otulutsira zam'chimbudzi, ndipo bowo lililonse lili ndi chotsekera ndi paipi yake. Timadzi totsalira m'menemo tikauma, paipi kapena chotsekeracho chimang'aluka.

Choipa n'chakuti tsiku limenelo sipaoneka vuto, poti ayezi yemweyo amatseka mng'aluwo. Kukayamba kufunda ndi pamene madzi amalowa pang'onopang'ono. Pampu yopopa madzi imadalira batire, chonsecho batire limafooka msanga kukazizira. Mwini wake, yemwe mwina ali kutali m'tauni, amangolandira foni yoti padoko pakuoneka mlongoti wokha.

Chipale nacho chimathandizira ngoziyo. Chikaunjikana pamwamba chimalemetsa boti, ndipo timabowo tomwe timayenera kukhala pamwamba pa madzi timamira. Ngalande zotulutsa madzi amvula pamalo okhala woyendetsa zikatsekeka ndi ayezi kapena masamba, madziwo amasefukira m'kati.

N'chifukwa chake odziwa bwino amakhetsa madzi onse m'matanki, kuthira mankhwala oletsa kuundana mu injini ndi m'mapaipi, n'kutseka zotsekera zonse kupatula za ngalande zamvula zija. Thanga amalichotsa kuti mphepo isaling'ambe, zingwe zomangira boti amaziphatikiza ziwiriziwiri. Koma chachikulu, m'kuona kwanga, ndi phazi: kupita kudoko sabata iliyonse kukakolopa chipale ndi kusuzumira pansi pa boti.

A inshuwalansi nawo sagona. Makampani ena amalemberatu m'pangano miyezi yomwe boti liyenera kukhala kumtunda, ndipo likamira padoko m'miyezi imeneyo, mwini wake amalipira yekha akatswiri odzalivuula.