Mphezi Sisankha Bwana: Phunziro la ku Gofu

Anzanga, patchuthi chapitachi achimwene anga, amene amanyamula zikwama za osewera gofu ku Lilongwe, anandiuza kuti chimene amaopa kwambiri pantchito yawo ndi mphezi. Bwalo la gofu ndi lalikulu, lapambalambanda, ndipo mitengo yake ndi ya apo ndi apo. Munthu ukakweza ndodo yachitsulo pamenepo, wamtali ndiwe basi, ndipo mphezi imakonda kugwa pa chinthu chachitali.

Si nkhambakamwa ayi. Mu 1975 katswiri wa ku America, Lee Trevino, anaombedwa ndi mphezi pampikisano wa Western Open pafupi ndi Chicago. Anapulumuka, koma msana unamuvutitsa mpaka anachitidwa opaleshoni. Mu 1991, pa US Open ku Minnesota, munthu wodzaonerera anafa atausa mvula pansi pa mtengo.

N'chifukwa chake pamipikisano ikuluikulu pamakhala anthu otsatira zanyengo. Lipenga likalira kamodzi motalika, aliyense amasiya kusewera pompo n'kukalowa m'nyumba kapena m'galimoto yotseka.

Achimwenewo anandiphunzitsanso kawerengedwe kake. Ukaona ching'aning'ani, werenga masekondi mpaka bingu ligunde. Masekondi 3 aliwonse ndi pafupifupi kilomita imodzi. Akapanda kukwana 30, thawa, ndipo usatuluke mpaka patadutsa mphindi 30 chigundire bingu lomaliza.

Ife sitisewera gofu, komatu bwalo lathu la mpira ndi dambo lija timadutsa poweruka n'zapambalambanda chimodzimodzi. Dzinja lino kukayamba kugunda, tisathawire pansi pa mtengo wa mango. Tilowe m'kalasi. Ineyo bola ndikafike kunyumba mochedwa.