NTHAKA IYAMBE YAPIMIDWA, KUMANGA PAMBUYO

Anthu a m'dziko la Mfumu Bundabunda, kum'mawa kwa Chongwe, audziwa bwino mseu wa Great East umene upita pa Chinyunyu kulinga ku Luangwa ndi ku Chipata. Adziwanso timiseu ta kumidzi timene timasanduka matope dzinja likafika, kotero kuti feteleza acedwa kufika ndipo odwala anyamulidwa pa ngolo. Ambiri aimba mlandu mvula. Koma mainjiniya akuti mlandu waukulu uli pansi, m'nthaka imene mseu wagonapo.

Ndico cifukwa cake nchito ya mseu, ulalo kapena sukulu isanayambe, pamabwera anthu okumba maenje ndi kulonga dothi m'matumba. Ku dera la Rufunsa kumene kumamveka mbiri ya golide, munthu angaganize kuti alendowa afunafuna miyala ya mtengo wapatali. Iai, iwo afuna kudziwa ngati nthakayo ingasenze katundu.

Dzenje limakumbidwa mita imodzi kapena kuposerapo, kuti aone m'mene dothi lasanjikirana: la pamwamba la mizu, katondo, mcenga, miyala, kapena makande akuda a m'dambo. Pambali pake amakhoma citsulo cosongoka ndi nyundo yolemera makilogramu 8, imene imagwa kucokera pa msinkhu umodzimodzi nthawi zonse. Citsulo cikalowa msanga, nthakayo ndi yofewa. Cikamalowa pang'onopang'ono, ndi yolimba.

Matumba aja amapita ku cipinda copimira nthaka. Kumeneko dothi limaumitsidwa m'ng'anjo yotentha madigiri 105, kuti adziwe madzi amene linali nao. Kenaka limasefedwa m'masefa osiyana maso, monga acitira amai ndi ufa, kuti miyala, mcenga ndi fumbi zipatukane. Lina amalinyowetsa ndi kulipota ndi dzanja mpaka licepe ngati cingwe ca mamilimita 3. Dothi lopoteka mosavuta osaduka lili ndi dongo lambiri. Loterolo ndi labwino kwa woumba mbiya, koma ndi mdani wa womanga, pakuti limatupa likamwa madzi ndipo limang'ambika m'cilimwe. Ming'alu yambiri ya m'zipupa za nyumba zomangidwa pafupi ndi dambo imayambira pamenepa.

Kupima kwina kunayambitsidwa ndi injiniya wa ku America, Ralph Proctor, m'caka ca 1933. Dothi limathiridwa m'cibekete cacitsulo ndi kusinjidwa ndi nyundo, uku akuonjezera madzi pang'onopang'ono. Louma kwambiri siligwirana, lonyowa kwambiri limaterera. Pakatikati pali muyeso wa madzi umene dothi limatsendereka nao bwino koposa, ndipo muyeso umenewu ndiwo utsatidwa ndi galimoto lothira madzi pa mseu. Pomaliza, dothi lotsenderekalo limamizidwa m'madzi masiku 4, ndipo makina amalikanikiza kuti aone mphamvu imene yatsala. Uku ndiko kulionetsa dzinja mvula isanagwe. Dothi lolephera mayeso amenewa limacotsedwa, kapena kusakanizidwa ndi laimu kapena simenti.

Nkhani imeneyi ikhudza anthu a kumudzi kuposa kale. M'caka ca 2022 Boma linakweza ndalama za CDF kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstityuwensi iliyonse, ndipo zambiri mwa ndalamazi zimapita ku zipinda za sukulu, zipatala zazing'ono, milato ndi miseu ya kumidzi. Miseu ikuluikulu iyang'aniridwa ndi bungwe la Road Development Agency, koma nchito za m'midzi ziyang'aniridwa ndi khonsolo pamodzi ndi makomiti a citukuko a m'mawadi. A komiti ali ndi ufulu wofunsa kontrakitala kuti, kodi nthaka inapimidwa? Nanga pepala la zotsatira zake lili kuti? Kupima kumadya ndalama zocepa poyerekeza ndi kumanganso cipupa cakugwa, makamaka ngati m'katimo mukhala ana.

Eni mudzi ali ndi nzeru imene makina alibe. Nyakwawa ndi akuluakulu adziwa pamene madzi amaima m'mwezi wa February, pamene panali culu, citsime cokwiririka kapena manda akale. Akauza opima nthaka zinthu zimenezi, maenje amakumbidwa pa malo oyenera. Ayeneranso kupangana ndi kontrakitala kuti maenje otapamo miyala ya mseu akwiriridwe nchito ikatha, cifukwa akadzala madzi amaswa udzudzu ndipo ana ndi ziweto angamiremo.

Ngakhale womanga nyumba yakeyake angatengepo phunziro. Acotse dothi lonse la mizu, akumbe maziko mpaka apeze nthaka yolimba, apewe makande, ndipo akonze ngalande yopatutsa madzi a padenga. Masabata owerengeka oyembekezera zotsatira za nthaka aoneka ngati kucedwa, koma akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.