Ulendo wokaona kumene anajambula filimu ya Sarafina

Dzina la Sarafina si lachilendo kuno kumalire. Amene anali anyamata ndi atsikana m'zaka za m'ma 1990 akukumbukira bwino tinyumba ta vidiyo ta m'misika, monga pa Limbuli, pa Muloza ndi pa Milange pano, m'mene munthu ankapereka khobidi pakhomo nakakhala pa benchi mumdima, jenereta ili kubangula kuseri. Mafilimu ambiri a nthawi imeneyo anali a karate ndi a nkhondo. Koma panali tepi imodzi ya ana a sukulu ovala yunifolomu, oyimba ndi kuvina pabwalo asilikali atawazinga ndi mfuti, imene anthu ankaipempha mobwerezabwereza mpaka chithunzi kuyamba kuchita mizeremizere. Chingerezi ndi Chizulu cha mufilimuyo ambiri sankachimva, koma nkhani yake sinafunike womasulira kwa anthu amene anali atangoona nkhondo ndi maso awo.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti sukulu ya mufilimuyo si yongopeka ayi. Ilipo mpaka lero ku Soweto, m'dziko la South Africa, ndipo ana akuphunzirapobe. Ana ambiri a boma lino amene ali pa ntchito ku Joni amatha zaka zisanu, ena khumi, osapondako, chonsecho mtunda wake kuchokera pakati pa mzinda wa Johannesburg sukwana n'komwe wa pakati pa Muloza ndi boma la Mulanje. Alipo makampani amene amanyamula alendo kukawaonetsa Soweto, koma mtengo wawo ndi wa anthu odzaona malo ochokera kunja. Munthu wamba angathe kudziyendera yekha tsiku limodzi, ndalama yake n'kukhala ya basi, ya chakudya ndi yolowera pakhomo pa nyumba zosungiramo mbiri.

Sarafina inayamba ngati sewero la pansanja. Analilemba ndi Mbongeni Ngema, ndipo nyimbo zake anapeka mothandizana ndi katswiri woyimba lipenga, Hugh Masekela. Linaonetsedwa koyamba mu 1987 ku Market Theatre mu mzinda wa Johannesburg, ndipo mu January 1988 linayamba kuonetsedwa pa Broadway ku New York. Filimu inatuluka mu 1992, Nelson Mandela atatuluka kale m'ndende koma anthu akuda asanaponye voti. Anaitsogolera ndi Darrell Roodt. Leleti Khumalo, mtsikana wa ku KwaMashu ku Durban, ndiye anali Sarafina. Whoopi Goldberg wa ku America anali mphunzitsi uja, Mary Masombuka. Miriam Makeba anali mayi ake a Sarafina. Ndipo Ngema mwini wake anali Sabela, wapolisi wachikuda amene ana a sukulu anamutentha ndi moto.

Kwa wonyamuka kuno, njira ndi yomwe ija yodziwika: kuwoloka pa Muloza, kudzera ku Mulanje ndi ku Limbe mpaka ku Blantyre, kumene mabasi a ku Joni amanyamukira. Basi imatuluka pa Mwanza, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa mu Zimbabwe pa Nyamapanda, kenaka Harare ndi Beitbridge. Ulendo umapitirira tsiku lathunthu, makamaka pa Beitbridge pakakhala mzere. Kachikalata kowolokera pa Muloza kopita nako kumsika sikagwira ntchito uko. Pamafunika pasipoti, ndipo mwini pasipoti ya Mozambique amaloledwa kukhala masiku 30 popanda viza.

Kuchoka pakati pa mzinda kupita ku Soweto pali njira ziwiri. Pali maminibasi, amene kumeneko amawatcha taxi monga kuno amati chapa, onyamukira pa Bree. Ndalama sapereka kwa kondakitala chifukwa kulibe. Zimadutsa m'manja mwa okwera kuchokera kumbuyo, ndipo amene wakhala pafupi ndi dalaivala ndiye amawerengetsa ndi kubweza chenje. Mlendo amene masamu amamuvuta asathamangire mpando wakutsogolo. Palinso mabasi a Rea Vaya, amene anayamba kuyenda mu 2009. Awa amalipiritsa ndi khadi, amaima pamalo okhazikika, ndipo kwa munthu wosadziwa njira ndiwo osasocheretsa. Amakathera pa Thokoza Park, pafupi ndi tchalitchi cha Katolika cha Regina Mundi.

Poti basi yamutula pakhomo, wapaulendo ndi bwino ayambe ndi tchalitchicho. Chinamangidwa mu 1964 ndipo ndi chachikulu kwambiri. Pa nthawi imene boma latsankho linaletsa misonkhano, anthu ankasonkhana m'menemo. Mu June 1976 ana a sukulu othawa apolisi anathawira momwemo, apolisi nawatsatira ndi utsi wokhetsa misozi ndi zipolopolo. Zipsera za zipolopolozo anazisiya dala osazikonza, pamodzi ndi guwa lansembe lonyotsoka pangodya. Lamulungu pamakhala Misa, choncho wofuna kuyendayenda m'kati asankhe tsiku lina.

Kuchoka apo ndi kamtunda kochepa kukafika ku Central Western Jabavu, pa msewu wa Mphuthi, pamene pali sukulu ya sekondale ya Morris Isaacson. Apa ndiye pachimake pa ulendo, pakuti ndi pamene anajambulira filimuyo. Amene akuyembekezera chinyumba chodabwitsa adzakhumudwa. Ndi sukulu ya boma ngati ina iliyonse, ya mizere ya makalasi, mpanda ndi bwalo. Koma wokumbukira filimuyo akaima pampanda amayamba kuona zonse m'maganizo: ana atandanda m'mawa kuyimba pemphero la Atate Wathu, galimoto zankhondo zija anthu ankazitcha Hippo, ndiye kuti mvuu, ziri chiimire pachipata, ndi mphunzitsi uja wophunzitsa mbiri yosalembedwa m'mabuku a boma, amene anamugwira ana ake akuona, osabwereranso.

Ojambula sanasankhe sukuluyi mwangozi. Mu 1974 boma linalamula kuti maphunziro ena, monga masamu, aziphunzitsidwa m'chiyankhulo cha Afrikaans, chimene akuluakulu amene anagwirako kumigodi amachitcha Chibunu. Aphunzitsi ambiri sankachidziwa bwino, ana ndiye kaya. M'mawa wa pa 16 June 1976 mnyamata wa pasukulu pomwepa, Tsietsi Mashinini, anatsogolera anzake kutuluka pachipata kukakumana ndi a masukulu ena, cholinga chawo kukafika ku bwalo la zamasewero la Orlando. Panjira gululo linakula kufika pa ana oposa 10,000. Mashinini pambuyo pake anathawa m'dzikomo, apolisi akumusaka, ndipo anamwalira ku Guinea mu 1990 asanabwerere kwawo. Lero pali chiboliboli chake, ndipo tsidya lina la msewu kuli malo a chikumbutso otchedwa June 16 Memorial Acre.

Za chiyankhulo cha m'kalasi makolo a kuno sachita kuuzidwa, pakuti mwana woleredwa m'Chichewa kapena m'Chilomwe amakumana ndi Chipwitikizi tsiku loyamba la sukulu. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Mozambique nkhaniyi inakambidwa popanda mfuti: kuyambira 1993 mpaka 1997 boma linayesa kuphunzitsa ana m'Chinyanja m'chigawo cha Tete, ndipo mu 2003 maphunziro a ziyankhulo ziwiri anayamba m'masukulu ena a pulayimale.

Chinthu chimodzi mlendo asaiwale: Morris Isaacson si malo achionetsero, ndi sukulu. Wofuna kulowa m'kati ayambe wapempha ku ofesi ya mphunzitsi wamkulu, ndipo ana a eni sajambulidwa chisawawa.

Kuchoka pasukulupo, amphamvu amatsata njira ya anawo wapansi, makilomita angapo kulowera ku Orlando West. Ndi ulendo wotopetsa, koma woyenda pansi ndiye amaona bwino tinyumba ta zipinda zinayi timene boma latsankho linamangira anthu akuda, tofanana ngati mabokosi a machesi, tonga tija Sarafina ankadutsa popita kusukulu. Tambiri eni ake anatikuza ndi kutimangira mipanda. Wotopa aime m'mbali mwa msewu naloze chala pansi, kusonyeza kuti akupita pafupi pomwepo. Kuloza kumwamba ndiye kuti akufuna ya m'tauni.

Anawo sanafike ku bwalo kuja. Apolisi anawatsekera njira ku Orlando West, nayamba kuwombera. Pa mphambano ya misewu ya Moema ndi Vilakazi ndi pamene anawombera Hector Pieterson, mnyamata wa zaka 12. Mtolankhani Sam Nzima anajambula mnyamata wina wamkulupo, Mbuyisa Makhubu, atamunyamula m'manja, mlongo wake wa Hector akuthamanga pambali akulira, ndipo chithunzicho chinafika dziko lonse lapansi. Chiwerengero cha akufa chimene chimatchulidwa kawirikawiri ndi 176, koma ena amati anafa ndi mazana angapo kuposa apo. Chapafupi pali nyumba ya njerwa zofiira yosungiramo mbiriyi, yotchedwa Hector Pieterson Museum, imene inatsegulidwa pa 16 June 2002. Mufilimu muli nyimbo ndi magule, muno mulibe. Muli zithunzi, mawu a amene anaona, ndi bwalo lam'kati lokhala ndi mayina a ana amene anafa.

Munthu wa ku Milange akaima m'menemo sakuona nkhani ya eni okha. Boma lomwelo limene linawombera ana ku Soweto ndilo linkapereka zida kwa Renamo pa nkhondo ya zaka 16, ndipo silinaleke ngakhale litasainirana pangano la Nkomati ndi Samora Machel pa 16 March 1984. Mu 1986, chaka chimene ku South Africa analengeza lamulo ladzidzidzi m'dziko lonse natsekera ana zikwizikwi m'ndende, monga zinamuchitikira Sarafina, ndi chaka chomwecho nkhondo inalowa m'tauni ya Milange. Anthu anawoloka mtsinje ndi katundu pamutu kukakhala m'misasa ku Muloza ndi ku Chiringa, minda ya tiyi ya m'munsi mwa phiri la Tumbine n'kusanduka tchire. Ndipo 1992, chaka chimene filimuyo inatuluka, ndi chaka chimene anasainira mtendere ku Rome pa 4 October. Ena anaionera ali othawa nkhondo, ena atangobwerera kudzapeza mabwinja.

Msewu wa Vilakazi lero ndi wa malesitilanti, ogulitsa ziboliboli ndi anyamata ovina kuti alendo awaponyere kangachepe. Pa nambala 8115 pali nyumba imene Mandela ankakhala, ndipo kumunsi kwake kuli ya malemu Desmond Tutu. Zakudya pamenepo n'zodula. Kota, buledi woboola pakati n'kuikamo chipisi ndi soseji, amapezeka motchipa m'timashopu ta kuseri.

Gawo limodzi la filimuyo silifunika kulisaka. Ndi lija Sarafina amapita kukaona mayi ake kunyumba ya azungu kumene ankagwira ntchito, akulera ana a eni pamene awo ali okha ku Soweto. Amayi ambiri a mbali zino za Mulanje ndi Milange amene ali ku Joni amadzuka m'nyumba zotero tsiku ndi tsiku, ana awo ali ndi agogo kumudzi.

Nanga n'chifukwa chiyani ambiri amaopa kupondako ku Soweto? Mantha awo ali ndi pogwira. Mu May 2008 anthu 62 anaphedwa pa zipolowe zothamangitsa alendo m'dzikomo, ndipo mmodzi wa iwo, Ernesto Nhamuave wa ku Mozambique, anamutentha wamoyo kum'mawa kwa Johannesburg, monga anachitira Sabela mufilimu. Mu January 2015 anthu anaswa mashopu a alendo ku Soweto komweko. Ndipo gulu la Operation Dudula, lofuna kuti alendo achoke, linachita chionetsero chake choyamba ku Soweto pa 16 June 2021, tsiku lokumbukira ana aja. N'zomvetsa chisoni kuti tsikulo analigwiritsa ntchito motero, poti ambiri mwa amene anathawa apolisi m'zaka zimenezo analandiridwa m'mayiko oyandikana nawo, Mozambique ali momwemo.

Komabe malo atchulidwawa amalandira alendo a mitundu yonse tsiku lililonse, ndipo masana kumakhala anthu ambiri. Wopita anyamule pasipoti yosatha masiku, ayende ndi mnzake, makamaka wodziwako Chizulu kapena Chisutu, foni aiike m'thumba, ndipo akamva kuti kwinakwake kuli chionetsero asinthe tsiku. Afunsiretu za masiku amene nyumba zosungiramo mbiri zimatsegula. Akanyamuka m'tauni cha m'ma 8 koloko m'mawa, pofika 4 koloko madzulo amakhala atamaliza zonse, ndipo ayenera kukhala ataloza kale chala kumwamba dzuwa lisanalowe.